Mlendo Amene Merv Anamudikira mu Shedi

Ku Ulverstone, ukafunsa kumene amakhala Merv Hardstaff, anthu ankayamba aseka kaye, kenaka n'kukulozera msewu wa kuseri kwa bwalo la mpira. "Ukamva phokoso ngati ndege ikufuna kunyamuka mu shedi, wafika." Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wa makutu akuluakulu ofiira ndi mphepo. Chilimwe kaya chisanu ankavala juzi yomweyo yobiriwira, imene mkazi wake Noelene anali ataitayapo kangapo koma inkabwerera yokha.

Merv sanaphunzire za makompyuta kusukulu iliyonse. Anali wamagetsi. Analowa ntchito pa fakitale ya mapepala ali mnyamata, nakhala zaka zambiri akukwawa m'denga ndi pansi pa zitsulo kulondola mawaya. Atakula ndithu, fakitale inagulira mainjiniya makina ojambulira mapulani. Sanali makompyuta a m'nyumba ayi. Bokosi lililonse linkalemera ngati thumba la simenti, ndipo sikirini yake ankainyamula amuna awiri akutukwana. Popeza chilichonse chokhala ndi chingwe cha magetsi chinali cha Merv, anamuuza kuti aziwayang'anira. Anawazolowera monga mlimi azolowerera ng'ombe zake: ankadziwa kuti awa amakana kudzuka m'mawa kukazizira, awo amatentha ukawapanikiza pakona.

Itakwana nthawi yoti makinawo atayidwe, Merv anapempha chilolezo, nawapakira m'pikapu yake. Noelene anamulandirira pageti, manja ali m'chiuno.

"Merv, izi n'chiyani?"

"Amafuna kuzitaya, Noel."

"Anthu anzeru amenewo. Ndiye iwe wazitola?"

"Ndi zamoyo izi."

"Galu wagundidwa pamsewu uja nayenso anali wamoyo dzulo. Zisalowe m'nyumba mwanga."

Choncho zinalowa mu shedi. Koma kumeneko Merv anapeza vuto. Pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta n'kuiyendetsa inali itatsalira kufakitale, ndipo kampani imene inapanga makinawo inali itasiya kale kuwasamala. Akawayatsa, mafani oziziritsa makinawo ankazungulira, sikirini n'kuonetsa kachizindikiro kothwanima kodikira lamulo, basi pothera pake pomwepo. Mnzake wina anamuuza za pulogalamu ina yotere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, imene aliyense angathe kuitenga ulere, kuiwerenga mkati ndi kuikonza. Merv anaikoka pa intaneti ya masiku amenewo, yodzera pa chingwe cha lamya, Noelene akudandaula kuti mkulu wake akulephera kumuimbira. Anaiyesa. Makina analemba mizere yochepa, n'kuuma gwa.

Analembera gulu la anthuwo pa imelo, mopepesa, n'kuwauza kuti iye ndi wamagetsi chabe. M'mawa mwake anapeza yankho la munthu wa ku Finland dzina lake Ilkka. Moni munalibe. "Tumiza zonse zimene makina akulemba, kuyambira mzere woyamba. Usasankhe zimene ukuganiza kuti n'zofunika."

Umu ndi mmene zinayambira. Ilkka ankalemba, Merv ankayesa. Akatha chakudya chamadzulo, Merv ankatumiza zimene makina anena, ndipo kukacha ankapeza Ilkka atakonza pena pake. Ankayesanso, makina n'kusuntha mizere ingapo, n'kuumanso patsogolo. Panatha miyezi. Loweruka lina masana mizere inangotsika osaima, disiki ikulira ngati chimanga chokazinga, mpaka makina anafunsa dzina la wofuna kulowa. Merv anathamangira kuseri kwa nyumba kumene Noelene ankayanika zovala.

"Adzuka, Noel! Adzuka!"

"Ndani?"

"Makina!"

"Zikomo Ambuye. Auze abwere adzandithandize kufinya mabulangetewa."

Ilkka anayankha ndi mawu awiri: "Zili bwino." Pansi pake anali atalemba kale chinthu chotsatira choti Merv ayese.

Anakhala choncho zaka zoposa makumi awiri. Fakitale inatsekedwa, Merv anagwirako ntchito za magetsi m'nyumba za anthu, kenaka anapuma. Ana awo awiri anakula n'kusamukira ku Melbourne. Mu shedi makina ankangolirabe. Pulogalamu ikasinthidwa ndi anthu a gulu lija, makina a Merv ankatha masiku akuimanganso, kuti aone ngati zatsopanozo sizinathyole zakale. Mkatimo munkafunda bwino, moti Noelene ankaika ufa wokanda wa buledi pamwamba pa bokosi lina kuti ufufume. "Chokhacho n'chimene ndinapindula pa ukwati uno," ankauza anzake.

Za Ilkka, Merv ankadziwa zochepa. Ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni, mkazi wake anali Sirpa, analibe ana, ndipo m'nyengo yachisanu ankaboola madzi oundana a panyanja n'kulowamo kusamba. Pa Khirisimasi Merv ankamutumizira uchi, iye n'kubweza ndi maswiti akuda amchere. Noelene atalawa kamodzi analavula m'sinki. "Chibwenzi chako cha ku Finland chimakuda, Merv. Munthu wokukonda sangakutumizire phula la msewu." Sanaimbiranepo foni. Panalibe amene anaganizapo kuti n'zofunika.

Chinthu chimodzi chokha chinawakanika. Makina aakulu kuposa onse, amene Noelene anawatcha Apongozi chifukwa cholongolola osapuma, anali ndi khadi lapadera lotumiza zithunzi zamitundu ku sikirini. Pulogalamu ikafika podzutsa khadilo, sikirini inkada bii. Makinawo ankapitiriza kugwira ntchito, Merv ankatha kulankhula nawo kudzera pa chingwe chochokera ku kompyuta ina, koma sikirini yawoyawo sinkabwereranso. Ilkka analibe khadi lotere, ndipo m'gulu monse panalibenso wina amene anali nalo. Anayesa njira zambiri ali kutali, zonse zinakana. "Tsiku lina ndidzabwera ndidzalione ndi maso anga," analemba. Chaka chilichonse ankabwereza mawu omwewo, ndipo Merv ankayankha kuti mpando ulipo.

Anthu ena amene ankasunga makina a mtundu umenewu anatha mmodzimmodzi. Wina anagulitsa, wina anamwalira, ena anangosiya kulemba. Anatsala awiriwo.

Kenaka mauthenga a Ilkka anayamba kusintha. Anatumiza chokonza chimodzimodzi kawiri. Ulendo wina anatumiza china chimene chinafafaniza ntchito imene iye yemwe anaigwira bwinobwino zaka zapitazo. Merv anaseka, namulembera kuti, "Aise, maswiti ako aja ayamba kukuledzeretsa?" Yankho silinabwere. Panadutsa milungu, kenaka miyezi. M'katimo mtsogoleri wa gulu, mayi wachinyamata wa ku Canada, analembera onse mwaulemu kuti mbali ya pulogalamu yoyendetsa makina akalewa yayamba kutsamwitsa ntchito ya ena, ndipo ngati palibe woisamala, iyenera kuchotsedwa. Merv anapempha kuti adikire. "Ilkka abwera. Mwina watanganidwa."

Tsiku lina akudya chamadzulo foni inalira. Anali mayi wolankhula Chingerezi pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuwaika pamalo pake. Anati ndi Sirpa. Anati akufuna kubwera ku Tasmania mu February, ngati sangakhale mtolo. Ananenanso zina, koma Merv anali ataimirira kale, mpando utagwera kumbuyo.

"Akubwera, Noel! Akubwera kudzaona Apongozi!"

"Wamva zonse zimene mayiyo wanena?"

"Wati amatopa msanga masiku ano. Tonsefe timatopa."

Noelene anali atamva nawo foniyo. Anatola mbale n'kupita nazo kukhitchini.

Merv anasesa shedi kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Anamasula Apongozi, napukuta fumbi ndi bulashi yometera ndevu, nasintha tizipangizo tonse timene tinayamba kutupa ndi kununkha, nawotcherera tatsopano ndi mtovu. Anagula mpando wa khushoni. Anametetsa.

Pa bwalo la ndege la Devonport anatuluka mayi wamtali wa tsitsi loyera atagwira mkono wa kabambo kakafupi, kaukhondo, ka magalasi. Merv ankaganiza kuti Ilkka ndi chimunthu chachikulu. Anatambasula dzanja.

"Ilkka, uyu ndi Merv," anatero Sirpa.

Nkhope ya bamboyo inawala. Anagwira dzanja la Merv ndi manja onse awiri.

"Merv wa ku Tasmania? Ndimamudziwa ameneyo! Munthu wosamala kwambiri, salumpha mzere. Inunso mumamudziwa?"

Merv anayang'ana Sirpa. Sirpa anali akumuyang'ana kale, osaphethira.

"Ndimamudziwa pang'ono," anatero Merv. "Tiyeni, galimoto ili uko."

Kunyumba Noelene anali atawotcha nyama ya nkhosa ndi mbatatesi. Ilkka anadya bwino, nathokoza m'chinenero chakwawo, nagona pampando. Pamenepo Sirpa anawafotokozera. Anali matenda oiwala. Anayamba ndi tinthu tating'ono, makiyi, mayina a misewu. Kenaka tsiku lina anamupeza atakhala pa kompyuta akulira, chifukwa ankaona zimene analemba yekha koma osadziwa kuti zikutanthauza chiyani. Chingerezi nachonso chinali chikumuthawa.

"Dokotala anati ngati pali ulendo umene tinkausunga, tiyende tsopano. Ndinamufunsa kuti tipite kuti. Kwa mng'ono wake ku Sweden? Ku Italy kumene tinapita titangokwatirana? Iye anati ku shedi." Sirpa anapukuta magalasi ake ndi nsalu ya patebulo. "Ndinayesa kukuuzani pa foni paja."

"Munandiuza," anatero Merv. "Ine ndi amene sindinamve."

M'mawa mwake anamutengerabe ku shedi, popeza n'kumene anadzera. Atangotsegula chitseko, phokoso la mafani ndi fungo la fumbi lofunda zinawalandira. Ilkka anaima pakhomo, natseka maso, namwetulira. Analowa akusisita bokosi lililonse ndi chikhatho. Atafika pa Apongozi anakhala yekha pampando watsopano uja, nakokera kiyibodi pafupi, naika zala pamalo pake monga munthu amene wachita zimenezi moyo wake wonse. Merv anayandikira. Anayatsa makina. Kachizindikiro kanayamba kuthwanima, kudikira lamulo lalifupi lodzutsira pulogalamu, lamulo limene Ilkka mwiniyo anamuphunzitsa.

"Lemba ndiwe, mzanga."

Zala zinakhala pamwamba pa mabatani. Chimodzi chinatsika, chinabwerera. Ilkka anayang'ana kiyibodi nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa Sirpa amene anaima pakhomo, namufunsa kanthu m'chinenero chawo, ndi mawu a mwana amene wasochera mumsika.

Merv anawerama pambali pake nalemba lamulolo mwachangu. Mizere inayamba kutsika. Ilkka anatsamira kutsogolo, milomo ikugwedera potsatira mizereyo. Itafika pa khadi lija, sikirini inada bii monga mwa masiku onse.

"Aa," anatero Ilkka, akupukusa mutu. "Apa pali vuto."

"Lilipo."

"Muwalembere amene analemba pulogalamuyi. Mutumize zonse, musasankhe. Akonza ameneyo."

Merv anagwira m'mbali mwa tebulo.

"Ndiwalembera," anatero.

Anatuluka, nazungulira kuseri kwa shedi kumene kunali thanki ya madzi. Noelene anamupeza atatsamiritsa chipumi pathankipo, mapewa akugwedezeka. Sanamuseke. Anangoika dzanja pamsana pa juzi ija, naima naye mpaka anasiya.

Alendowo anakhala milungu iwiri. Zinapezeka kuti m'nyumba Ilkka sankakhazikika. Ankatsegula makabati, kufunafuna chikhoti chake, kufunsa nthawi ya sitima. Koma mu shedi ankakhala phee. Choncho m'mawa uliwonse Merv ankamutenga, n'kumupatsa chitini cha masikuluwu kuti awasankhe aakulu paokha, aang'ono paokha. Ilkka ankaigwira ntchitoyo mosamala kwambiri. Sirpa ankagona masana onse ngati munthu wokomoka, ndipo Noelene ankayenda chonyang'ama m'nyumba yake yomwe.

Mu shedimo Merv anayamba kulankhula. Zaka zonsezo anali asanalembepo chilichonse choposa nkhani ya makina ndi nyengo. Tsopano anamuuza za tsiku limene fakitale inatsekedwa, mmene amuna akuluakulu anaimira pamalo oimika magalimoto osadziwa kolowera. Anamuuza za mwana wawo woyamba amene anangokhala masiku ochepa, amene iye ndi Noelene sankamutchula. Anamuuza kuti m'miyezi yoipa, chimene chinkamudzutsa m'mawa chinali kufuna kuona ngati Ilkka wayankha. Ilkka ankagwedeza mutu mwaulemu, nthawi zina n'kuyankha m'chinenero chakwawo, maso ali pa masikuluwu.

Kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, Merv analowa m'nyumba kukatenga tiyi, ndipo pobwerera anapeza mpando uli wokha. Geti linali lotsegula. Sanafune kudzutsa Sirpa. Anathamanga, bondo likumupweteka, kufunsa aliyense. Mayi wina wokankha mwana m'kangolo anamulozera kunyanja. Anapeza Ilkka pamchenga atavula nsapato, ataziika bwinobwino pamwala, masokosi ali mkati, akumasula lamba.

"Ilkka, madzi amenewa ndi ozizira, aise. Tiye kunyumba."

Ilkka anapinda buluku lake, naliika pa nsapato, nalunjika kumafunde. Merv anayang'ana uku ndi uku. Kumukoka kukanakhala kumenyana naye. Anavula juzi, navula nsapato, namutsatira atavala kabudula wamkati, akutukwana chamumtima. Madzi atamufika m'chiuno anakuwa. Ilkka anali atamira kale mpaka m'khosi. Anatembenuka, tsitsi litamatirira pachipumi, magalasi atadzaza madontho, naseka mpaka kutsokomola.

"Merv! Iwe ukuti awa ndi madzi ozizira? Uyu ndi msuzi!"

Merv anaima chilili, mafunde akumukankha.

"Wandidziwa?"

"Nanga ndani wina angakuwe chonchi? Lowa, wamantha iwe!"

Merv analowa. Anasambira pang'ono moyandikana, amuna awiri okalamba oyera ngati nsomba, akupumira m'mwamba. Merv anali ndi zambiri zoti anene, koma mano ankagundana, ndipo ankaopa kuti akalankhula awononga. Atatuluka, anamupukuta ndi juzi yake, namuthandiza kuvala masokosi. Ilkka anamuyang'ana kuchokera pamwala paja.

"Zikomo, bambo. Ndinu okoma mtima. Mumakhala konkuno?"

"Konkuno," anatero Merv, akumanga zingwe za nsapato.

Alendo atapita, Merv anaganiza zoisamala yekha mbali ija ya pulogalamu. Anabwereka mabuku ku laibulale, nagula magalasi amphamvu, nakhala mu shedi nyengo yonse yachisanu akuwerenga zimene Ilkka analemba. Pena ankamva, ndipo ankasilira mmene zinalukidwira. Koma akasintha mzere umodzi, pankathyoka pena pamene sanapaganizire. Iye ankadziwa kumvetsera makina ndi kunena zoona za zimene achita. Kulemba kunali kwa mnzake. Mtsogoleri uja anamudikira nthawi yaitali kuposa imene analonjeza, ndipo anayesa kumuthandiza kangapo, koma analibe makina otere oti ayeserepo.

Mitengo itayamba kuphukira, Merv analembera gulu lonse. Anati Ilkka akudwala ndipo sabweranso. Anati iye wayesa, walephera, ndipo si bwino kuti anthu ambiri azitsamwa chifukwa cha shedi imodzi. "Chotsani," anamaliza motero. Mayankho anabwera ochokera kwa anthu amene anali asanawamvepo, ena oti anaphunzira ntchito powerenga zolemba za Ilkka. Merv anawasindikiza onse papepala n'kutumiza kwa Sirpa, amene anakamuwerengera mwamuna wake kunyumba yosamalira odwala kumene anali atamusamutsira. Sirpa anati Ilkka anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa ngati munthu akumutamandayo akadali moyo.

Makina ambiri Merv anawapereka kwa anthu osunga zakale a ku Hobart, amene anabwera ndi lole yaing'ono. Anawathandiza kunyamula, nawalangiza kuti asamawayatse m'chipinda chozizira kwambiri. Madzulo a tsiku limenelo woyandikana naye nyumba anasuzumira pampanda kufunsa ngati magetsi azima, chifukwa kunali zii.

Ilkka anamwalira chaka chotsatira, mu November. Ulendo wa ku Finland unali wautali kwa bondo la Merv, ndipo Sirpa anamuletsa. Anati mdzukulu wa mchemwali wake adzagwira foni m'tchalitchi kuti a ku Tasmania aonere nawo. Kumeneko mwambo unali wa m'mawa, kuno dzuwa linali likulowa.

Noelene atalowa m'chipinda chodyera anapeza Merv atavala suti yake yakuda, tayi atamanga, nsapato atapolisha.

"Sakuona iwe, Merv. Foni ikuloza kutsogolo."

"Ndikudziwa."

Noelene anabwerera kuchipinda, navala diresi yake ya kutchalitchi. Anatsamiritsa foni pa mbale ya shuga, nakhala moyandikana. Chithunzi chinkagwedera. Anaona bokosi loyera, makandulo, ndi misana ya anthu ochepa ovala zikhoti zolemera. M'busa analankhula nthawi yaitali, ndipo pa mawu onsewo Merv ankangotolapo dzina la mnzake likadutsa. Kenaka limba linayamba kulira, anthu a m'tchalitchimo anaimirira kuti aimbe. Merv anakankhira mpando kumbuyo, nagwira tebulo, naimirira nawo.